Kapepala ka Nthawi Ziwiri

Ana anga, ndawerenga zonse zimene mwalemba kuyambira m'mawa.

Tsiku limene ndinamangidwa lija kunatentha ngati lero, nyenje zikulira m'mitengo pa Bangula. Amalume anu, ali kusukulu ku America, analemba kalata kuti adzaimba foni ku positi 9 koloko m'mawa, nthawi ya kwawoko. Ndinawerengera pa kapepala kuti kwawo ikakhala 9, kwathu ndi 3 masana.

Pamsika anyamata a chipani, a Jofesi ali patsogolo, anandifunsa khadi. Khadi ndinali nalo, koma politulutsa kapepala kaja kanagwa. "Iwe, nthawi ziwirizi n'zokumanirana ndi zigawenga eti?" Ndinakhala m'chitokosi masabata awiri. Malemu mayi anu ankandidikira kunyumba kuti ndikawatenge tipite ku positi. Foni inalira popanda woyankha, ndipo sanamvenso mawu a mlongo wawo mpaka amalumewo anamwalira komweko.

Lero a Jofesi atisiya, ndipo mukuti ndisapite kumaliro. Mawa ndipita, nyimbo ndikaimba nawo. Amene anagona pasimenti paja ndine, si inu. Wofuna kundiperekeza abwere ndi njinga, wosafuna akhale, sindimukwiyira.

A Jofesi ndi anzawo aja ndinawakhululukira.