Enoch Anaphunzira Kunola ndi Lamanzere

Inu amene mwakhala pansi n'kumati zanu zatha, tamverani za Enoch Staniforth, wonola mipeni wa kwathu m'chigwa cha Rivelin. Tsiku limene anatuluka m'chipatala, kudzanja lake lamanja kunali kutatsala zala ziwiri zokha, ndipo kunyumba kunali khanda.

Cholakwa chake chinali chaching'ono, ndipo n'chimene chimandipweteka mtima. Wonola aliyense amadziwa kuti poweruka Loweruka umakhuthula madzi a pansi pa mwala wonolera, chifukwa mwala ukagona m'madzi mbali imodzi imafewa n'kulemera. Koma Loweruka limenelo kunabwera uthenga woti mkazi wake Tabitha nthawi yake yakwana, ndipo munthu anathamanga osacheuka. Lolemba m'mawa, ali mwetumwetu kuuza anzake kuti kwabadwa mwana wamkazi, mwala unayamba kuzungulira n'kuphulika, ndipo unamudula zala zitatu.

Ntchito inathera pomwepo. Banja linayamba kudya buledi wachifundo, ndipo a Crookes, oyang'anira amphawi, sanapite m'mbali.

"Tikuthandizani mpaka nyengo yomweta udzu. Mukadzalephera kudzidyetsa, nonse mukalowa m'nyumba ya amphawi."

Enoch ankadziwa za kumeneko. Mwamuna amalowera khomo lake, mkazi lake, ndipo mwana akangosiya kuyamwa amamutenga. Anakhala masabata ali pampando, maso ali pa kamwana kake Dorcas.

Koma Tabitha sanali mkazi wolira nawe. Tsiku lina anaponya pamiyendo pa mwamuna wake kamtengo kouma, kosemedwa mbali zinayi.

"N'chiyani chimenechi, mwendo wa mpando?" anafunsa Enoch.

"Strickle. Agogo anga ankanolera zikwakwa. Mumapaka mafuta a nkhosa, n'kuwazapo mchenga wakumtsinje."

"Ine wa pamwala waukulu ndizikanda zitsulo ndi kamtengo? Ndi dzanja liti?"

"Kodi lamanzere nalonso munalisiya kuchipatala? Pajatu supuni mukuigwira bwinobwino."

Enoch anaseka koyamba chichitikireni ngoziyo, ndipo mawa lake anapita kukatapa mchenga.

Musaganize kuti zinangoyenda. Dzanja lamanzere linali chitsiru chenicheni. Nyengo yonse yachisanu ankadzicheka, kutaya kamtengoko, kenako n'kukakatola yekha mwamanyazi. Mpeni wa buledi wa Tabitha anaunola mpaka unaonda ngati singano. Pang'ono ndi pang'ono anaphunzira kupana chitsulo m'khwapa, kuchitsamiza pabondo, ndi kumva ndi khutu pamene chayamba kuthwa.

Udzu utakhwima, anayamba kuyenda m'minda, Tabitha ali pambuyo mwana atamufungatira m'shawelo. Anyamata omweta anali ndi timiyala tonolera togula kusitolo, ndipo dzina la kamtengo kaja anali asanalimvepo.

"Akulu, mwabwera kudzasiya kuno zala zotsalazo?" anatero wina, anzake n'kuseka.

Kumunda wina anawabweza, kwinanso chimodzimodzi. Atafika pampanda wa munda wakumtunda, Enoch anati, "Tiyeni tizipita, mayi. Ndatopa n'kusekedwa."

Koma Tabitha anakwera pamwala wa mpandawo n'kufuula, "Strickle! Tabwera ndi strickle!"

Nkhalamba ina yotsogolera omweta, a Titus Ibbotson, inaima n'kubwera pang'onopang'ono.

"Mayi, mawu amenewo mwawatola kuti? Ine ndinawamva komaliza pakamwa pa malemu bambo anga."

Anatenga kamtengoko n'kukanunkhiza. Kenako anapereka chikwakwa chawo kwa Enoch.

"Mwana wanga, ichi ndinakwatira nacho. Ukachiwononga, mayiwa akhala amasiye lero."

Enoch anapana chitsulo m'khwapa, thukuta lili kamukamu. Ananola mosapupuluma, mbali iyi ndi inayo, anyamata aja akudikira zoseka. Atamaliza, a Ibbotson anakupiza chikwakwacho kamodzi, ndipo udzu unangogona wopanda n'phokoso lomwe.

"Inu oseka inu, unjikani zanu apa," anatero.

Mbiri inayenda chigwa chonse. Kumweta kusanathe, pakhomo pa Enoch panali zikwakwa, nkhwangwa, masizasi ometera nkhosa, ngakhale zisongole za osoka nsapato.

Ndiye m'mawa wina panaima ngolo, ndipo anatsika a Crookes. Anabwera kudzawatengera kunyumba ya amphawi. Mkuluyo anayang'ana mulu wa zitsulo, anasuzumira m'nyumba n'kuona thumba la ufa ndi nyama ya nkhumba ili lende padenga, kenako anakanda mutu.

"Tsono ine ndibwerere ndi ngolo yopanda kanthu?"

"Ayi, bwana, simungavutike chabe," anatero Tabitha. "Mutitengereko zikwakwa izi kwa a Ibbotson, ndi njira yomweyo."

Ngolo itazimiririka, Enoch ananyamula Dorcas, kukhala naye pakhomo, n'kulira ngati mwana. Mtsikana ameneyu anakulira m'nyumba ya makolo ake, ndipo palibe usiku umene anagona kwa alendo.

Tsono inu amene mukungoyang'ana chimene munataya, taonani chimene chatsala. Mwina n'chofooka, mwina anthu achiseka, koma chiphunzitseni ntchito kuyambira lero. Ndipo ngati pali wina amene akukana kukumverani chisoni chifukwa amakukondani, mumvereni. Musataye mtima, dzukani.