Malaya Omwe Amayi Sanachapepo

Anzanga, Dawson ndinakumana naye m'munda wa chimanga mu Julaye, pa ganyu yozula ngaiyaye. Kwathu kuno ku Nebraska palibe wa kusekondale amene amaithawa ganyu imeneyi.

Nthawi ya nkhomaliro anavula kapu yake, ine kuseka mpaka kutsamwa. Chipumi choyera ngati mkaka, nkhope yonse yopsa ndi dzuwa!

"Iwe, zithunzi za chaka chomaliza ukajambulitsa ndi nkhope ziwirizi?" ndinamufunsa.

"Wojambula akakonza pa kompyuta."

"Kompyuta nayo imatopa, aise."

Anaseka, n'kundigawira theka la sangweji yake. Zinayambira pamenepo.

Sindikubisirani, ndinamukonda mnyamata ameneyu. Anali wofatsa, woti akakuyang'ana umaiwala chomwe umanena. Koma pa nkhani ya kutchena, mayo ine... Amayi ake anachoka kalekale, bambo ake amakhalira pa msewu ndi thiraki. Panalibe womuuza.

Ndiye ndinamutenga ngati ntchito yanga.

"Kapu uyisiye masabata awiri, chipumicho chifanane ndi nkhope. Tsitsi umete kudakali sabata, osati dzulo lake, ungaoneke ngati nkhosa yometedwa kumene. Zikhadabo wenga. Ndevu zinayi zimenezo zichoke."

"Zilipo zisanu ndi ziwiri, Tarryn. Ndinawerenga."

"Zichoke!"

Vuto linali malaya. Iye amafuna kuvala juzi yolembedwa dzina la kampani ya mbewu. Pachithunzi chomwe chidzakhale mu buku la kalasi yathu moyo wonse!

Apa ndi pomwe ndinalakwa, anzanga.

Ndinali ndi mchimwene wanga, Garrett. Anamwalira zaka ziwiri zapitazo, galimoto itagubuduzika pa msewu wa miyala, kutatsala masiku khumi kuti ajambulitse zithunzi zake. Malaya anali atagula kale, abuluu. Anawavala kamodzi kokha ku tchalitchi kuti amayi awaone.

Amayi sanawachapepo. Anawatsekera m'chikwama cha pulasitiki m'kabati yake. Lamlungu lililonse amalowa m'chipinda chija, kutsegula chikwamacho, n'kuika nkhope pa kolala. Fungo lake linali lidakalimo. Mwana wawo anatsala pamenepo basi.

Ine ndinawatenga amayi ali ku ntchito.

"Maola awiri okha," ndinamuuza Dawson, nditamufotokozera zonse. "Usapopere perefyumu. Usachape. Wandimva?"

Anandigwira manja onse awiri. "Ndikudziwa kulemera kwake. Usade nkhawa."

Anajambulitsa pafupi ndi khola lakale la ng'ombe. Atatuluka m'galimoto, kolala ili chilili, tsitsi litakhala bwino, wojambula uja anaimba mluzu. Ine misozi. Ndinkaona ngati malaya aja afika komwe anagulidwira.

Titamaliza Dawson anati, "Ndikuthamangira ku mpira, ndikubweretsera mawa."

Mawa linakhala mawa lina. Lamlungu loyamba ndinawakokera amayi kwa azakhali tsiku lonse. Lachiwiri ndinanamizira kudwala kuti akhale nane. Mtima unali m'mwamba, koma ndikamufunsa Dawson ankangoti, "Ali bwinobwino, bebi, ndikungoiwala."

Kenako tizithunzi ting'onoting'ono tinafika, tija timagawana titalemba mawu kumbuyo. Dawson analemba mulu wonse. M'khonde la sukulu, belu likulira, anasolola kamodzi n'kundipatsa mothamanga.

Ndinakatembenuza m'kalasi, ndikumwetulira ndekha ngati chitsiru.

"Kinsley wanga, malayawa amakukhala iwe kuposa ine. Asunge. Za Tarryn ndithana nazo posachedwa."

Kinsley! Mtsikana wa mu bandi ya sukulu, amene ndimakhala naye benchi imodzi pa masamu!

Chibwenzi sindinachiganize n'komwe. Ndinangoganiza za kolala ija.

Dawson ndinamupeza pa malo oimika galimoto.

"Malaya ali kuti?"

"Tarryn, tamvera kaye, zinangochitika..."

"Sindikufunsa zimenezo. Ali kuti?"

"Anamva kuzizira titapita kunyanja, ndiye ndinamuveka. Ndi malaya chabe, iwe."

Malaya chabe. Munthu amene anandigwira manja uja.

Tsiku lotsatira Kinsley anabwera yekha, maso ofiira, atanyamula kathumba.

"Pepa, mnzanga. Anandiuza kuti ndi ake, komanso kuti munasiyana. Ndikanadziwa..." Ananditambasulira kathumba kaja. "Ndawachapa kawiri, ndasitanso. Ankamveka kafungo kam'kabati."

Ankaganiza kuti wandichitira ulemu. Ndikanamukalipira chiyani?

Ndinanunkhiza kolala. Sopo wa maluwa. Ndinanunkhiza m'khwapa, m'mikono, paliponse. Sopo yekhayekha.

Ndinawayanika pa mphepo masiku atatu kumbuyo kwa garaja kuti sopoyo achoke, n'kuwabwezera m'chikwama muja.

Lamlungu amayi analowa m'chipinda cha Garrett. Ine ndinakhala pa masitepe. Anakhalitsamo kuposa masiku onse.

Atatuluka anadzakhala pambali panga, malaya ali pa chifuwa. Sanakalipe. Sanandikayikire n'komwe.

"Wapita, Tarryn," anatero motsitsa mawu. "Sindikumumvanso. Ndimadziwa kuti tsiku lina lidzatha, koma ndimati mwina chaka chimodzi chokha..."

Kenako anandisisita kumutu n'kumanditonthoza ineyo. Ineyo, wakuba!

Anzanga, Dawson sakundipweteka kwenikweni, ayende ndi amene akufuna. Chikundidya n'chakuti ndinatenga chinthu chomwe sichinali changa n'kuchipereka kwa munthu amene ndinamudziwa masabata asanu okha.

Mpaka lero sindinawauze. Buku la kalasi lituluka mu Meyi, ndipo amayi anaitanitsa kale lawo. Ati adzakhala pa tebulo ndi ine, tione tsamba ndi tsamba.