Zitsa za Bulugamu pa Kasupe

Anthu amawatcha Mayi Sopo, chifukwa analera ana awo onse ndi ganyu yochapa zovala pa kasupe wa kuseri kwa msika. Owotcha makala atameta phiri la kumtunda, kasupeyo anayamba kuchepa. Malemu amuna awo, pofuna kuthandiza, anadzala bulugamu kuzungulira kasupe yense, ati mtengo ndi mtengo, bola ukule msanga. Unakuladi msanga, koma unkamwa madzi kuposa ng'ombe, moti kudzaza beseni limodzi kunali kudikira ngati pamzere wa kuchipatala.

Mayi Sopo anagwetsa mitengoyo n'kudzala mikuyu. Mng'ono wa malemuyo anabwera atakwiya.

"Alamu, mwadula chikumbutso cha achimwene?"

"Akulu anu ankafuna madzi, osati mapolo," anayankha mayiwo, osaleka kukumba.

Komatu bulugamu safa wamba. Mvula ikangogwa zitsa zimaphukiranso, iwo n'kunyamula chikwanje kukasadza mphukirazo, msana ukuwawa chomwecho. Mikuyu ikadali yolekeza m'chiuno, ndipo madzi sanabwerere onse. Koma dzulo anatsukuluza zovala kawiri, osaumira madzi.