Gogodela wa Agogo Awo

Ku Ubungo, kudziko la Aswahili, kuli bambo wina wachikulire, wokonza makina osokera, amene sakwiya chisawawa. Koma ukangotchula mfuti yakale ya agogo awo kuti gobore, monga amanenera Aswahili, amayamba aika sipanala pansi.

"Ndi gogodela," amatero. "Azungu anabwera nayo ndi dzina lawo, koma kwathu ku Mangochi anaitcha potengera ntchito yake. Umathira wonga kukamwa kwake, n'kugogoda ndi kachitsulo, kenako n'kupemphera kuti ilire."

Atamva kuti mfuti zopanda chiphaso zikaperekedwe kupolisi, sananyinyirike. Anaipukuta ndi mafuta a makina, kuikulunga m'chitenje cha malemu akazi awo, n'kukwera nayo bajaji, kanjinga kamoto ka matayala atatu konyamula anthu. Wapolisi anailandira mwaulemu, nalemba pa pepala kuti gobore.

Bambo aja anakhala pa benchi, osachoka.

"Mzee, tathana," anatero wapolisiyo m'Chiswahili.

"Mwanangu, mfutiyo tengani. Koma yakhala m'banja mwathu mibadwo itatu, isachoke ndi dzina lachilendo."

Wapolisi anamwetulira, nawapempha kuti atchule dzina lenilenilo pang'onopang'ono, iye akulemba.

Bambo aja atapatsidwa pepalalo, anakalipachika kunyumba pa msomali womwe pankakhala mfuti, ndipo Loweruka lililonse amalipukuta fumbi.