Kompyuta yanga inachedwa kuchoka m'gulu

Ndinagwila ntchito zaka zambili pa kampani ina yogula nshawa ndi chimanga pa boma la Lundazi, kuseli kwa msika. Mapepala onse a nthawi imeneyo ndikali nawo m'sutikesi, ngakhale ana anga amati ndikuwetela chiswe.

Tinali ndi kompyuta imodzi yaikulu, seva, m'kachipinda konunkhila makoko a nshawa. M'kati mwake munali makompyuta ena osaoneka ndi maso, iliyonse ndi ntchito yake. Yanga inali yolembela masaka a nshawa. Mapulosesa, amene amayendetsa ntchito zonse mu seva, anali m'magulu awili, la nshawa ndi la chimanga. Ndimakumbukabe kulila kwa fani ya seva m'mawa, alimi akutsitsa masaka pa njinga.

Chaka chimene ndinapuma ntchito, kampani inaleka kugula nshawa. Tsiku lomaliza logula nshawa, kunabwela mayi wina wa makompyuta kuchokela ku Chipata kudzazimitsa kompyuta yanga, kuti mapulosesa ake apite ku gulu la chimanga. Kumeneko ntchito inali kuyenda pang'onopang'ono, malole ali pamzele panja.

Mayiyo analamula kompyuta yanga kuti izime. Inayamba, koma sinamalize. Atafuna kuchotsa pulosesa yomaliza m'gulu la nshawa, seva inakana.

"Kompyuta yanu ikali kuwelengedwa m'gulu, adada," anandiuza. "Ikusunga zimene munalemba lelo. Isanamalize, gulu silingakhale lopanda pulosesa."

Amanejala analowa thukuta lili kamukamu. "Zulani pulagi, amama, muyatsenso. Madalaivala andidya wamoyo."

"Tikazula, za lelo zingatayike," anatelo mayiyo.

Mpaka pano mtima umandiwawa ndikakumbuka. Za tsikulo zinali masaka a alimi a ku Chikomeni, anthu amene anapalasa njinga kuyambila mbandakucha. Ndinakokela mpando patsogolo pa soketi n'kukhalapo.

"Bwana, muyambe mwazula ine."

"Madala, kodi simunapume kale ntchito?"

"Kalata yanu ikuti ndipuma madzulo ano."

Amanejala anatuluka akung'ung'udza. Mayiyo anatulutsa chinangwa chootcha m'chikwama, tinagawana, maso ali pa sikilini. Panja mahutala a malole anali kulila.

Kenako dzina la kompyuta yanga linafafanizika pa sikilini. Mayiyo anaona kuti masaka onse asungika, ndipo atalamulanso, seva inavomela. Pulosesa ija inapita ku chimanga, lole yoyamba n'kuyandikila pa sikelo.

"Yewo, amama," ndinathokoza. Ndinabweza mpando pamalo pake, n'kukapeleka makiyi.