Fodya wa M'khwapa mwa Amayi Emelia

Amayi Emelia anabadwira m'komboni ya antchito pa pulazi ina, munda waukulu wa fodya, kufupi ndi tauni ya Marondera, bambo awo atachoka ku Dedza wapansi kudzathyola fodya wa mzungu. Iwonso anakulira m'mizere yomweyo. Zaka makumi atatu akhala akulowa m'munda mame asanakamuke, kuthyola masamba n'kumapanira m'khwapa mpaka mtolo ukwane. Koma kusuta ayi. Ndudu sinakhudzepo milomo yawo, ndipo komboni yonse inkadziwa, poti eni akewo sankatopa kulengeza. Amuna awo, a Lazalo, ankasutira chingambwe chawo kuseri kwa bafa ngati wakuba.

Chaka chatha kunabwera mtsikana wa ku yunivesite, dzina lake Yvonne, kudzafufuza za fodya m'matupi a antchito. Anatenga malovu a aliyense m'timabotolo. Atabweranso patatha masabata atatu, anawaitanira amayiwo pambali.

"Gogo, munati simusuta. Koma m'thupi mwanu muli fodya ngati wa munthu wosuta tsiku ndi tsiku."

"Mwanangu, wasokoneza mabotolo. Ine ndine wa Chigwirizano, mayi wa mpingo."

Yvonne anafotokoza kuti tsamba lonyowa limalowetsa mphamvu yake pakhungu, makamaka m'khwapa momwe muli thukuta. Zoti khungu lingazoloweretse munthu mpaka kumaulakalaka fodyayo, iye anati sakudziwa, ndi zomwe ankafufuzazo. Anawapatsa magolovesi ndi malaya apulasitiki kuti ayese mwezi umodzi.

Cholakwa anachichita okha amayi Emelia. Anakaifotokoza nkhaniyi pampope, ati kuti anzawo awathandize kuseka. Pampope penipeni, mayi wamkulu ngati iwo! Pofika Lachinayi, tsiku la amayi kutchalitchi, nkhani inali itamera miyendo, akuti amayi Emelia amafwenkha fodya wamphuno mobisa. Bulauzi yoyera ya Chigwirizano, yomwe anaivala zaka zonsezi mopanda banga, inali pa chiswe. Anaimirira pamaso pa amayi onse n'kulumbira kuti avala pulasitikiyo mwezi wathunthu, ndipo thupi lawo likalakalaka fodya, awavule bulauziyo.

Lachisanu anangokha thukuta. Loweruka mutu unayamba kugunda. Lamulungu nyimbo zinawatalikira, ulaliki osamveka. Atafika kunyumba anasesa pabwalo katatu, anakalipira nkhuku yosalakwa, anakhala, anadzuka, anapita kumpope n'kuzindikira atafika kuti ndowa aisiya. Manja ankayabwa m'kati, posakandika. Anachita mantha, chifukwa vutoli sanali kulionera koyamba. Linkabwera chaka chilichonse kuthyola kukatha, iwo n'kumati ndi malungo a nyengo.

Lolemba anapirira. Lachiwiri m'mawa, ali kumapeto kwa mzere, kapitawo anatembenuka kukakalipira wa thirakitala. Amayi Emelia anayang'ana uku ndi uku. Anamasula batani limodzi la malaya apulasitiki aja, anathyola tsamba lalikulu lodontha mame, n'kulilowetsa m'khwapa, pakhungu. Anapitiriza kuthyola ndi magolovesi awo ngati wina aliyense.

Dzuwa lisanakwere mutu unaleka. Mtima unakhala pansi, zii. Anaima pakati pa fodya, manyazi atawagwira, misozi ikutsika, koma tsambalo sanalichotse.

Palibe anawaona, ndipo palibe anawafunsa. Lachinayi lotsatira analowa m'tchalitchi atavala malaya wamba, anadutsa mpando wawo wakutsogolo osauyang'ana, n'kukakhala kumbuyo, pa benchi ya ongophunzira kumene.