Mzere wa Makala pa Msana wa Amayi

Ndikakumbukira chisanu cha chaka chimenecho, choyamba kubwera m'maso mwanga ndi msana wa amayi. Akhala pa mkeka kuseri kwa nyumba, kapulana, chitenje chathu cha kuno, atsitsa mpaka m'chiuno, mutu aweramitsa, ndipo bambo agwada kumbuyo kwawo, kachidutswa ka makala kali m'manja. Dzuwa la ku Zóbuè nyengo imeneyo silifulumira, limayamba ladikira kuti nkhungu ichoke m'mapiri, ndiye linkafika pa msanapo lili lofooka, lopanda kutentha. Pankamveka fungo la utsi wa mapesi, la dizilo wa malole ogona pamalire, ndi lina lachilendo lochokera m'matuza a pa msanapo. Ine yanga inali kugwira kambale ka madzi n'kutseka pakamwa.

Tinali titangobwerako ku Malawi, kumene tidakhala mu msasa wa othawa nkhondo. Ndidachoka kwathu ndili kumsana, ndidabwerako ndikutha kusenza ndowa. Nyumba yakale tidaipeza itagwa, m'kati mwake mutamera chisoso, ndipo bambo adamanga ina yaing'ono n'kufolera ndi lona yemwe uja wa kumsasa. Mlongo wanga Zeka sadabwerere nafe. Manda ake adatsala tsidya lija, koma dzina lake lidatsala pakamwa pa makolo anga, chifukwa ankaitanabe kuti amake Zeka, bambo a Zeka, ngati kuti mwiniwake wangopita kokasaka mbewa. Abale a amayi ena adakhazikika ku Malawi komweko, ena sitidamve kumene adathera. M'njira zina munali miyala yopaka utoto wofiira yochenjeza za mabomba okwirira, moti ngakhale kuyenderana kunali kosankha popondapo. Matenda asanabwere n'komwe, tinali kale anthu ochepa.

Amayi ankagulitsa mbatata ya kachewere ndi kabichi m'mbali mwa msewu waukulu, pamene malole ochokera ku Tete amaima kudikira kulowa m'Malawi. Anali munthu wa mawu, wotha kuitana wogula ali kutsidya kwa msewu iye n'kutembenuka. Ndiye tsiku limene adabwerako dzuwa likadali pamutu, dengu lili lodzaza, dzanja lili pa nthiti, tidadziwa kuti si bwino. Adati m'mbali mwawo mukuyenda linthumbu. Bambo adati n'kusenza kumeneko, adawathowa ndi madzi otentha, ndipo kuthowako kudangokoleza moto. Posakhalitsa padatuluka timatuza tothithikana, kuyambira pansi pa bere la kumanzere, kutsata nthiti, kulunjika kumsana. Ife amene tidakhalako ku Malawi tinkati mashingozi. Amene adatsala kuno nthawi ya nkhondo ankati moto wa usiku. Koma onse ankagwirizana pa chinthu chimodzi: matendawa ndi lamba, amayenda mozungulira thupi, ndipo nsonga zake ziwiri zikakumana, munthu amapita.

Ululu wake sindinauonenso pa munthu wina. Bulauzi sinkavalika. Bulangeti likangokhudza, amayi ankakukuta mano. Ngakhale kamphepo kolowera pansi pa chitseko kankawaliza, munthu amene adayenda pansi mpaka ku Malawi ndi mwana kumsana osadandaula. Nsalu inkamatirira m'matuza, ndiye bambo ankadula tsamba lanthete la nthochi, kuliwamba pang'ono, n'kuliyala pa mkeka kuti amayi azigonera mbali yabwinoyo, tsamba lina litafunda pamwamba. M'chisanu chonse chija, chofunda cha amayi chinali tsamba la nthochi.

Anthu adayamba kusowa pakhomo mmodzimmodzi. Kunkanong'onedwa kuti mashingozi ndi kalambulabwalo wa matenda aja amene adabwera ndi malole, amene panthawiyo munthu sankawatchula dzina. Ndiye poti amayi ankagulitsa kwa oyendetsa malole, pakamwa pa anthu padapeza ndiwo. Azimayi a mphakati, amene Lamulungu lililonse ankaimba ndi amayi pa benchi limodzi, ankafika pa mtengo wa pichesi kumapeto kwa bwalo lathu, n'kufuula kuti mwadzuka bwanji kumeneko, ngati akupereka moni kutsidya kwa mtsinje wodzaza. Mpaka lero ndikakumbukira, mtima umandiwawa. Mmodzi yekha, amake Luwiza, ankasiya mtolo wa nkhuni pansi pa pichesipo, koma mwana wawo Luwiza, mnzanga wa ponda apa m'pondepo, adamuletsa kubwera. Phada ndinkajambula n'kudumpha ndekha, kudzipambana ndekha. Fulaye ndiye ayi, imafuna oponya awiri, ndipo mpira wanga wa mapepala udangokhala pa denga la khola mpaka udasuluka.

Bambo adatenga ntchito zonse za pakhomo. Ankapita kuchitsime ndi ndowa ya amayi, akazi n'kumapatuka akuseka chapansipansi. Ankasinja mphale moti theka la chimanga linkathera kunja kwa mtondo, nkhuku zathu n'kunenepa chaka chimenecho. Ndiwo zawo zinkachita kulira mchere. Amuna a pa bawo ankati adadyetsedwa khuzumule, koma iwo ankangoyankha kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Adawatengera amayi pa njinga yobwereka ku kachipatala ka kwathu, kamene kanali kangotsegulidwanso, ndipo namwino adapereka kabotolo ka jivi, mankhwala ofiirira aja opaka pa zilonda, n'kulangiza kuti matuza asawaphulitse, aziwanyowetsa ndi nsalu ya madzi ozizira. Za lamba wokumana palibe adamufunsa, poopa kusekedwa ndi munthu wophunzira. Bambo ankapaka jiviyo ndi nthenga ya nkhuku, ndipo zala zawo zidakhala zofiirira nyengo yonseyo.

Koma mankhwala amene ankawakhulupirira koposa anali makala. Nzeruyi adaimva kwa mkulu wina wa ku Angónia amene adakhala naye kumsasa: utenge khala la pa mafuwa a nyumba yako yomwe, wolemba akhale mwamuna wake wa wodwalayo, ulembe mzere patsogolo pa nsonga ya lamba m'mawa usanalawe kanthu, matenda sadzalumpha mzerewo. Nsonga ya kutsogolo amayi ankaiona okha, ndipo inali itaima pakati pa chifuwa. Nkhawa yonse inali kumsana, kumene maso awo sankafika, ndipo m'nyumba mwathu munalibe galasi. Ndiye m'mawa uliwonse funso linali lomwelo.

"Bambo a Zeka, wadutsa?"

"Adutsa bwanji alibe chiphaso? Pano m'pamalire, amake Zeka."

Amayi ankapumira m'mwamba, mapewa n'kutsika, ndipo tsiku limenelo ankamwa phala.

Koma ine ndinali ndi maso, ndipo kambale ka madzi ndinkagwirira kumbuyo komweko. Ndinkaona kuti timadontho tofiira tatsopano tatuluka kutsogolo kwa mzere wa dzulo. Bambo ankaviika kansalu, n'kuchita ngati akutsuka chilonda, kufufuta mzere wakalewo, kenaka n'kulemba wina chapatsogolo, kufupi ndi fupa la msana. Tsiku loyamba ndidatsegula pakamwa kuti ndinene. Adandiyang'ana kamodzi kokha, osati mokalipa, koma ngati munthu wopempha, ndipo ndinali ndisanaonepo bambo anga akupempha kanthu kwa mwana. Kuyambira pamenepo ndinkayeza ndi maso mpata wotsala pakati pa mzere ndi fupalo, ndipo tsiku ndi tsiku unkachepa. Kusukulu aphunzitsi ankalemba Chipwitikizi pa bolodi, ine ndikungoona mzere wakuda pa msana wofiirira. Panalibe womuuza. Luwiza kunalibe, Zeka kunalibe, ndipo bambo nkhaniyo sitinkaikamba ngakhale titatsala awiri kudimba.

Ululu utafika poti amayi sankathanso kudya, bambo adaganiza zotsikira ku Moatize, kumene namwino adati mapiritsi amphamvu angapezeke. Adalemba mzere wawo m'mawa, adakwera pamwamba pa matumba a mbatata pa lole ya munthu wina, n'kunena kuti abwera mawa lake madzulo. Pakhomo padatsala ine, amayi ndi nkhuku. Ndidaphika, ndidasesa, ndidadula tsamba la nthochi ndi chikwanje chondilemera. Kunja kudachita chiperoni, kamvula kowaza kaja kosanyowetsa nthaka koma kolowa m'mafupa, ndipo pa pichesi sipadaime munthu ndi mmodzi yemwe.

M'mawa mwake amayi adadzikokera okha kuseri kwa nyumba monga mwa masiku onse, adatsitsa kapulana, n'kundiitana.

"Iwe, tandiyang'ana kumbuyoku. Maso a mwana sanama. Wadutsa?"

Ndidagwada pamene bambo ankagwada. Mzere wa dzulo unalipo, wofufutika pang'ono ndi tsamba, ndipo kutsogolo kwake kunali timatuza tatsopano, tamadzi, pafupifupi kukhudza fupa la msana. Kulemba wina sindikadatha, poti wolemba ayenera kukhala mwamuna wake. Kunena zoona kunali ngati kuwauza kuti akonzeke kutsatira Zeka. Mawu amene adatuluka anali a bambo, koma ndi kaliwu kanga.

"Alibe chiphaso, amayi."

Amayi adaseka, kuseka kowawa kogwira nthiti, n'kunena kuti mwana wa bambo ake. Ine ndidatenga ndowa ngati ndikupita kuchitsime, ndidakakhala kuseri kwa nkhokwe ndi kulira mpaka maso adatupa. Sindidakhaleponso ndekha ngati tsiku limenelo.

Bambo adafika dzuwa litapendeka, malaya akuda ndi fumbi la malasha, akununkha thukuta la kutentha kwa ku Moatize, m'thumba muli mapiritsi okulunga m'pepala ndi buledi wophwanyika. Asanamwe ndi madzi omwe adapita kukayang'ana msana. Adauyang'ana nthawi yaitali, kenaka adayang'ana ine. Amayi adati mwanayu wanena kuti sanadutse. Bambo adati wanena zoona, ndipo adandinyemera buledi wamkulu kuposa wawo.

Lamba adafika pa fupa la msana n'kuima pomwepo. Matuza adayamba kuuma, adachita nkhanambo zakuda, n'kumayoyoka pa tsamba la nthochi. Mapiritsi adawapatsa tulo. Mapichesi atayamba maluwa, amayi adavala bulauzi koyamba, ndipo azimayi a mphakati adadutsa pa mtengo paja n'kulowa mpaka pakhonde, akunena kuti mapemphero awo ayankhidwa. Amayi adawayalira mkeka. Ine ndikadakhala mwini nyumba, akadakhala pa fumbi. Bambo adakhulupirira makala awo mpaka tsiku lomwalira, zaka zambiri pambuyo pake. Ine nditakula ndidamva kwa a chipatala kuti mashingozi amatsata mbali imodzi ya thupi, ndipo mwa chikhalidwe chake amathera pakati. Sindidawauze bambo. Amayi matenda ena aja analibe, ndipo amene ankanong'ona palibe adabwera kudzapepesa.

Amayi atakalamba ndidawatenga kuti tizikhala limodzi ku Moatize. Ululu uja sudatheretu, unkabwerera kukazizira, ndipo zipsera zoyera zidatsala pa nthiti mpaka kumsana. Tsiku lina ndikuwasambitsa, ndidaona pamene zipserazo zidathera, ndipo ndidawafotokozera zonse, za kansalu, za mzere wosuntha, za chiphaso changa chija. Ndinkayembekeza kuti adabwa. Iwo adangogwedeza mutu.

"Mwana wanga, khungu limene linkalira ndi mphepo lingalephere kumva khala? M'mawa uliwonse ndinkamva pamene bambo ako alemba mzere. Ndinkadziwa kuti akuusuntha."

"Nanga munkafunsiranji, amayi?"

"Zeka tinali titamusiya kale. Ndikadawauza kuti ndikudziwa, mphamvu yodzukira m'mawa akadaitenga kuti?"

Sopo adandipulumuka m'manja. Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti katundu uja tidasenza awiri, ine ndi bambo, osadziwa kuti wolemera koposa anali ndi munthu amene ankangoyang'ana pansi, akuwerenga ndi khungu lake mmene imfa ikuyandikira, n'kumwa phala kuti ife tisangalale. Tinali atatu m'kanyumba ka lona, aliyense ali yekha ndi mantha ake, aliyense akubisira mnzake chinthu chomwecho. Masiku ano munthu akatuluka mashingozi amakwera galimoto, amapatsidwa mapiritsi, ndipo za makala ana anga amaseka. Ndi bwino choncho, sindifunira munthu chisanu chonga chija. Koma akamaseka sindiseka nawo.

Ndidatola sopo, ndidaviika nsalu m'madzi ofunda. Amayi adaweramitsa mutu ngati kale, adapinda dzanja kumbuyo, n'kuloza pa fupa la msana osaphonya.

"Tsuka pang'onopang'ono pamenepo. M'pamene adalekezera bambo ako."